Zolembedwa pa menyu ndi zobwera m'mbale

Nabanda: Anzanga, pali nkhani yomwe yandisowetsa mtendere kuyambira Loweruka. Ndinapita ndi amayi anga ku lesitilanti ina, linali tsiku lawo lobadwa. Pa menyu analemba kuti "nsomba yootcha pa makala, yothira mandimu ndi batala, ndi zamasamba za lero". Amayiwo adokotala anawaletsa zokazinga, ndiye tinasankha imeneyo mwadala. Mbale itafika, nsomba ili nyezinyezi ndi mafuta, khungu louma gwa ngati yachokera mu poto wa tchipisi, pansi pa mbale mafuta atachita kadziwe. Fungo la makala panalibe ngakhale pang'ono. Zamasamba za lerozo zinali nsawawa ndi karoti wodula timiyalamiyala tofanana ndendende, wa m'mapaketi a mu firiji uja. Nditafunsa, weta anati makala anatha masana ndiye anangoikazinga. Bilu inabwera mtengo womwewo. Amayi anangodya mpunga wokha, nsomba n'kuisiya yonse. Kodi zimenezi mumakumana nazo? Ndipo inu amene mumagwira ntchito m'malo odyera, tatiuzani zoona, mawu a pa menyu mumawatenga ngati lonjezo kapena ndi zokometsera chabe?

Tiyamike: Pepani achemwali, makamaka kwa amayi. Ine ndine weta, chaka chachinayi tsopano. Nthawi zambiri ife sitiuzidwa kuti kukhitchini kwasintha chiyani. Umalemba oda, kukapereka pa windo, mbale n'kutuluka, iwe n'kunyamula. Umadzazindikira uli kale pa tebulo, kasitomala atakwinya nkhope. Koma ndisaname, nthawi zina timadziwa ndithu, kungoti manijala amakhala atanena kuti musamauze anthu kuti chakutichakuti chatha, angadzuke n'kupita kwina.

Bambo Gondwe: Ine ndili ndi malo odyera, ndiye ndiyankhuleko mbali yathu. Menyu timasindikiza kamodzi, mwina imatha chaka kapena kuposa. Msika sudikira chaka. Lero wotibweretsera nsomba wabwera ndi ina, mawa bowa kulibe, mkuja batala wakwera mtengo. Tikamasintha pepala nthawi iliyonse pamene chinthu chasowa, phindu lonse lithera kosindikiza. Sikuti aliyense amene wakupatsani chosiyana pang'ono ndi wakuba ayi, mayi. Ambiri tikungoyesetsa kuti mbale ituluke, munthu asabwerere ndi njala.

Nabanda: Ndamva bambo, ndipo sindikuti musindikize pepala latsopano tsiku ndi tsiku. Koma pakamwa paja sipafuna kosindikiza. Akanangobwera pa tebulo n'kunena kuti makala atha, tikazinge kapena musankha china? Zikanatha pomwepo. Chomwe chandipweteka n'chakuti anandisankhira okha, podziwa kuti ndikaona mbale ili kale patsogolo panga ndichita manyazi kuibweza.

Shefu Mbewe: Achemwali a Nabanda akunena zoona, ndipo a Gondwe nawonso sakunama. Ndaphika m'makhitchini osiyanasiyana zaka 14, ndiye mundilole ndifotokoze momwe zimayendera mkatimo.

Choyamba, wolemba menyu nthawi zambiri si amene amaphika. Amalemba mwini malo, kapena munthu wolembedwa ganyu yokonza pepala lokongola, kapena shefu amene anachoka kalekale. Ine ndinafikapo pa ntchito ina n'kupeza menyu ikunena za "supu wa bowa wowiritsa pang'onopang'ono kwa maola ambiri". Nditafunsa kuti msuzi wake mumawiritsa nthawi yanji, mnyamata anatsegula kabati n'kundionetsa chitini cha ufa wa supu. Madzi otentha, masupuni anayi a ufa, tibowa tiwiri tokazinga pamwamba, basi. Shefu woyamba ankawiritsadi mafupa usiku wonse, koma atachoka palibe anapitiriza, ndipo palibe anafufuta mawuwo. Ana a m'khitchinimo sankadziona ngati akunamiza munthu. Sanawerengepo menyu n'komwe.

Chachiwiri, mawu a pa menyu ali mitundu iwiri, ndipo pamenepa mpamene ine ndimaikira malire. Pali mawu ongokometsa: "yokoma", "yonunkhira", "yapamwamba", "yofewa ngati ya agogo". Amenewo palibe angakuimbe nawo mlandu, kukoma kuli pa lilime la munthu. Ndiye pali mawu onena chinthu chenicheni: ndi nyama yanji, ndi yochuluka bwanji, yaphikidwa motani, muli chiyani mkati, yapangidwa pano kapena yagulidwa. Kootcha ndi kukazinga si nkhani ya lilime. Batala ndi majarini si chinthu chimodzi. Juwisi wofinya pomwepo ndi wa m'katoni ndi zosiyana, ngakhale onse ali a malalanje. Ukalemba mawu a mtundu wachiwiriwu n'kupereka china osanena, walandira ndalama ya chinthu chomwe sunagulitse.

Bambo Gondwe: Nanga nkhani ya kulemera, shefu? Ine pamenepo ndimalandira madandaulo osayenera. Ndimalemba siteki ya magalamu 300, munthu n'kumati yachepa.

Shefu Mbewe: Pamenepo ndili mbali yanu. Kulemera kwa nyama pa menyu ndi kwa yaiwisi. Ikapsa imataya madzi ndi mafuta, kawirikawiri pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo ukaipsetsa kwambiri imachepa kuposa pamenepo. Ya magalamu 300 ikhoza kufika pa tebulo ili cha m'ma 220 kapena 230. Ngakhale baga yotchedwa Quarter Pounder ya kampani ya McDonald's, dzina lija limanena za kulemera kwa nyama isanaphikidwe. Koma muzilemba pansi pake kuti "kulemera isanaphikidwe", ndi mawu awiri okha. Ndipo sikelo izigwiradi ntchito. Ndinaonapo kwina akudula ya 250 n'kumaigulitsa ngati ya 300 chifukwa akudziwa kuti ikapsa palibe angatsutse.

A Jere: Ndikuwerenga mwachidwi. Nkhaniyi ena anaifufuza ndithu ndi zipangizo. Mu 2013 bungwe loteteza nyanja la Oceana ku America linatulutsa zotsatira za kafukufuku wake. Anagula nsomba 1,215 m'masitolo ndi m'malo odyera 674 m'zigawo 21, n'kuziyeza DNA. Imodzi mwa nsomba zitatu zilizonse sinali imene inalembedwa. Pa nsomba 120 zomwe zinagulitsidwa ndi dzina la red snapper, zisanu ndi ziwiri zokha ndi zomwe zinalidi red snapper. M'malo ogulitsa sushi, chakudya cha ku Japan cha mpunga ndi nsomba yaiwisi, ndi momwe zinafika poipa, nsomba 74 pa 100 zilizonse sizinali zomwe zinalembedwa. Ndipo yambiri yomwe ankaitcha white tuna inali escolar, nsomba yomwe ili ndi mafuta amene thupi siligaya, moti ena ikawachulukira imawatsegula m'mimba.

Bambo Gondwe: Mwaona a Jere, pamenepo ena mwa eni malowo anapusitsidwa nawonso. Nsomba ikabwera yosenda kale, yopanda mutu ndi khungu, itauma mu firiji, ndani angaizindikire? Umakhulupirira zomwe zalembedwa pa katoni. Ine wotibweretsera katundu akandiuza kuti ndi yakuti, ndilibe makina oyezera.

A Jere: Zoona bambo, kafukufukuyo sanaloze kuti chinyengo chimachitikira pati kwenikweni, kaya pa boti, kaya kwa ogulitsa pikulitsa, kaya m'khitchini. Koma palinso nkhani zina zomwe eni malo sakanathawa. Chaka chomwecho cha 2013 ku Japan, kampani ya mahotela ya Hankyu Hanshin inavomera kuti zakudya zambiri pa menyu zake sizinali zomwe zinalembedwa. Ankalemba dzina la ma prawns (tinkhanu ta m'nyanja) odula a Shiba koma akuphika ena otchipa, nsomba ya mu firiji n'kumaitcha yatsopano. Poyamba akuluakulu ake ankati n'kulakwitsa polemba chabe, osati chinyengo. Anthu sanamve zimenezo. Mkulu wa kampaniyo anatula pansi udindo, makasitomala anabwezeredwa ndalama, ndipo m'masabata otsatira mahotela ndi masitolo ena akuluakulu anayamba kuulula okha kuti nawonso ankachita zomwezo.

Nabanda: Chomwe chandigwira mtima n'chakuti ankati n'kulakwitsa polemba. Kulakwitsa kwake bwanji nthawi zonse kumapindulira wogulitsa? Sindinamvepo munthu ataoda chotchipa n'kumubweretsera chodula mwangozi.

Shefu Mbewe: Zimachitika apo ndi apo, koma sizikhalitsa, manijala amaziona tsiku lomwelo pa mabuku. Zopita mbali inayo ndi zomwe zimatha zaka.

Palinso maina ena omwe dziko lonse linangowazolowera ngakhale si enieni. Wasabi, chokometsera chobiriwira chowawa ngati tsabola, amene amaperekedwa ndi sushi m'malo ambiri ndi muzu wina wotchipa wotchedwa horseradish wosakaniza ndi mpiru ndi utoto wobiriwira, weniweni ndi wodula ndipo akangomupala fungo lake silichedwa kutha. Timitengo tofiira tija amati ndi ta nkhanu timapangidwa ndi nsomba yoyera yopera. Mafuta ambiri a truffle, mtundu wa bowa wodula kwambiri, fungo lake ndi lopanga ku fakitale. Ng'ombe ya Kobe yeniyeni, ya nyama yodula kwambiri, iyenera kukhala ya mtundu wa Tajima, yobadwira, kukulira ndi kuphedwera m'chigawo cha Hyogo ku Japan, ndipo sinkatumizidwa kunja mpaka 2012, koma dzinalo linali kale pa menyu za m'mayiko ambiri chisanafike chakacho.

A Jere: Ndipo pena dzina limasinthidwa poyera. Nsomba yotchuka ija ya Chilean sea bass dzina lake lenileni ndi Patagonian toothfish. Wamalonda wina, Lee Lantz, ndiye anaipatsa dzina latsopanolo mu 1977 kuti igulike. Kumeneko ine sindikuona vuto lalikulu, chifukwa dzinalo limaloza nsomba yodziwika ndipo aliyense wofuna kudziwa adziwa. Vuto ndi pamene dzina la chinthu china laikidwa pa china.

Chikondi: Ine changa ndi zithunzi. Ndimajambula zinthu zamalonda ndipo ndinajambulapo zakudya za menyu kangapo. Baga imodzi timatha nayo ola lathunthu. Timasankha bani wosaphwanyika pa khumi kapena kuposa. Nyama timangoiwaula kunja kuti isafote, n'kuikokera kutsogolo pamodzi ndi letesi ndi tomato kuti zonse zioneke mbali ya kamera, kumbuyo kulibe kanthu. Timabaya timitengo kuti iime, mafuta n'kupaka ndi kaburashi kuti iwale. Palibe wophika angachite zimenezo pa mphindi zitatu oda zili mulu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ndikaona chithunzi changa chili pamwamba pa kauntala, munthu ataima pansi pake ndi baga yake yophwatalala m'manja, mtima umandiluma.

A Jere: Nkhani ya zithunzi inafika mpaka ku khoti. Mu 2022 makasitomala anasumira kampani ya Burger King ku Florida, ku America, ponena kuti baga yake ya Whopper ya pa zithunzi imaoneka yaikulu ndi 35 pa 100 kuposa yeniyeni. Mu 2023 woweruza anakana mbali ya zotsatsa za pa TV ndi pa intaneti, koma analola kuti mlandu upitirire pa zithunzi za pa menyu ya m'sitolo momwemo, poti pamenepo mpamene munthu amayang'ana akamatulutsa ndalama.

Amake Dalitso: Ndakhala chete ndikuwerenga, koma ndiyankhuleko. Kwa ena nkhaniyi ndi ya ndalama ndi kukhumudwa. Kwa ine ndi ya moyo wa mwana wanga. Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi ndipo thupi lake limadana ndi mtedza. Chaka chatha tinaoda nkhuku ya sosi wa kirimu. Pa menyu anatchula kirimu, anyezi, adyo ndi zokometsera, za mtedza panalibe. Ndinafunsa weta kawiri, iye anati mulibe. Mwana anadya masupuni atatu, kenako anaika supuni pansi n'kuyamba kukanda pakhosi. Ndikuyang'ana milomo ikutupa ndikuona, zidzolo zili tuu m'khosi ndi m'manja, mawu atasasa. Tinathamanga naye ku chipatala ndili nditamunyamula, nsapato imodzi inatsala pansi pa tebulo. Anachira, tithokoze Mulungu. Titabwererako patapita masiku, wophika ananena yekha kuti kirimu anachepa tsiku limenelo ndiye anawonjezera chiponde pang'ono kuti sosi alimbe. Kwa iye kanali kanzeru ka m'khitchini. Sanaganize kuti pali amene kangamuphe.

Ndiye a Gondwe, mukamati bola mbale ituluke, ine thupi limachita tsemwe. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndikudziwa, n'chifukwa chake ndimafunsa paliponse mpaka anthu kutopa nane. Koma ndikafunsa ndipatseni yankho loona. Ngati simukudziwa, nenani kuti sindikudziwa, ndikafunse.

Tiyamike: Amayi, zandikhudza kwambiri. Ndikuvomera kuti pamene ndinkayamba ntchito ndinkayankha kuti mulibe pongoyang'ana pa menyu, chifukwa ndinkaopa kukavutitsa ophika nthawi yotanganidwa. Palibe anandiphunzitsa kuti funso limenelo ndi losiyana ndi ena onse.

A Jere: Pepani amake Dalitso. Zomwe zinakuchitikiranizo zinapha munthu ku England. Mu Januwale 2014, Paul Wilson, wa zaka 38, anagula chakudya cha curry atanena momveka kuti musakhale mtedza, ndipo pa chivindikiro analembapo kuti mulibe. Anamwalira kunyumba kwake usiku womwewo. Zinapezeka kuti mwini lesitilantiyo, Mohammed Zaman, anasiya kugula ufa wa almond n'kuyamba kugwiritsa ntchito wina wotchipa wokhala ndi mtedza. Mu 2016 khoti linamulamula kukakhala ku ndende zaka zisanu ndi chimodzi pa mlandu wopha munthu mosasamala. Mu 2017 ku London mnyamata wa zaka 18, Owen Carey, amene thupi lake linkadana ndi mkaka, anamwalira atadya nkhuku yomwe pa menyu inangolembedwa kuti yootcha, chonsecho inali itanyikidwa mu buttermilk, mkaka wosasa. Iye anali atawauza ogwira ntchito za vuto lake.

M'mayiko a European Union, kuyambira Disembala 2014, malo odyera amakakamizidwa ndi lamulo kudziwitsa kasitomala ngati chakudya chili ndi chimodzi mwa zinthu 14 zomwe zimavuta matupi a anthu ambiri. Mwa izo muli mtedza, mkaka, mazira, nsomba, soya, chitowe, mpiru ndi tirigu.

Shefu Mbewe: Nkhani ya Owen Carey ikuonetsa mbali ina yomwe sitinaikhudze. Pamenepo menyu sinaname, nkhuku inalidi yootcha. Inangosiya kutchula china. Ndipo m'khitchini zobisika zotere ndi zambiri kuposa momwe wakudya angaganizire. Supu wa zamasamba wophikidwa ndi msuzi wa nkhuku. Tchipisi chokazingidwa m'mafuta omwe mwangotuluka nsomba. Batala wopaka pa siteki ikamachoka pa moto kuti iwale. Dzira mu sosi, ufa wa tirigu wolimbitsira msuzi, vinyo wothira mu nyama. Munthu wosadya nyama, wa chipembedzo choletsa zina, wodwala shuga, wa thupi lodana ndi chakudya china, onsewa akudalira mizere iwiri ya pa pepala.

Kumene ndili panopa ndinaika lamulo limodzi ndipo ndimalitsata ndekha poyamba. Chilichonse chikasintha mu poto, kaya ndi supuni imodzi, chimalembedwa pa bolodi yoyera ili pafupi ndi windo lotulutsira mbale, ndipo ma weta amaiwerenga asanayambe ntchito. Komanso mbale iliyonse ili ndi khadi lake m'khitchini lolemba zonse zolowa mkati. Weta akafunsidwa, sayankha za m'mutu, amabwera kudzaona khadi. Poyamba anyamata ankadandaula kuti zikuchedwetsa. Pano anazolowera.

Bambo Gondwe: Amake Dalitso, pepani ndithu. Mawu anga aja ndinayankhula ndikuganiza za ndalama zokha. Ndili ndi adzukulu, sindingafune zimenezo pa aliyense. Koma shefu, ndikufunseni moona mtima, menyu yanga ili ndi zakudya zoposa 60. Makhadi 60, ndipo chilichonse chikhalepo tsiku lililonse? Sizingatheke.

Shefu Mbewe: Ndiye vuto lanu ndi 60 imeneyo bambo. Khitchini ya anthu anayi kapena asanu singaphike zinthu 60 zatsopano. Zambiri zidzachokera mu firiji ndi m'zitini, ndipo tsiku lililonse china chidzasowa, n'kuyamba kulowetsa china m'malo mwake. Dulani zifike 20 zomwe mungaziimirire. Zosinthasintha monga nsomba ndi zamasamba musatchule mtundu pa pepala, lembani kuti "nsomba ya lero, funsani weta", dzina lake n'kumalilemba ndi choko pa bolodi. Zogula zopangapanga si tchimo, ine ndemwe buledi ndimagula. Kungoti sindilemba kuti ndi wophika tokha.

A Jere: Ku France mawu amenewo a "zophika tokha" anawaikira lamulo mu 2014. Pali chizindikiro cha kapoto kokhala ndi chivindikiro chonga denga la nyumba, chotchedwa fait maison, ndipo chimayenera kuikidwa pa chakudya chokhacho chomwe chaphikidwa pamalopo kuchokera ku zinthu zaziwisi. Chinabwera chifukwa malesitilanti ambiri ankangotenthetsa zakudya zochokera ku fakitale.

Chikondi: A Gondwe, mukamakonzanso menyu, zithunzi mujambule mbale yomwe yatuluka pa windo monga imapitira kwa kasitomala, osati yokonzera kamera. Kuwala kwabwino kokha n'kokwanira. Ndinayesapo kwa mayi wina wa malo odyera aang'ono, anandiuza kuti madandaulo a "si izi ndinaona" anatha.

Bambo Gondwe: Ndamva. Kudula mpaka 20 ndikuopa, makasitomala ena amabwerera chinthu chimodzi chomwe anachizolowera. Koma ndiyamba ndi bolodi ndi makhadi sabata ino, ndipo mawu oti "juwisi wofinya pomwepo" ndiwamata, chifukwa makina ofinyira anawonongeka miyezi inayi yapitayo ndipo takhala tikuthira wa m'katoni.

Tiyamike: Kwa inu makasitomala, chonde funsani musanaode, ndipo mbale ikabwera yosiyana nenani musanaiyambe. Ikadyedwa theka manijala amakana kuibweza, pena n'kuidula pa malipiro a weta. Mukanena msanga ife zimatipepukira, timangoibweza ku windo.

Nabanda: Zimenezo sindinkadziwa achemwali, kuti zimathera pa malipiro anu. Ndawaimbira foni a lesitilanti ija masana ano, ndinapempha manijala osati weta. Ndamufotokozera za amayi ndi chifukwa chomwe tinasankhira yootcha. Anayamba ndi kunena kuti nsomba ndi yomweyo, kusiyana ndi kaphikidwe chabe. Ndinamuuza kuti kaphikidweko ndi komwe tinagula. Anakhala chete pang'ono, kenako anati tibwere Lachisanu adzawaotchera amayi ina osalipira. Ndamuuza kuti tibwera, koma ndidzaimba kaye masana kufunsa ngati makala alipo.

Amake Dalitso: Shefu Mbewe, khadi lanulo mumalembapo chiyani ndi chiyani? Ndikufuna ndikawaonetse a kukhitchini ya kusukulu kwa mwana wanga.

Shefu Mbewe: Dzina la chakudya pamwamba, pansi pake chilichonse cholowa mu poto ngakhale mafuta okazingira ndi zokometsera za m'paketi, kenako mzere wofiira pansi pa mtedza, mkaka, mazira, nsomba, tirigu, soya ndi chitowe ngati zilimo. Pakona tsiku lomwe lasinthidwa komaliza ndi dzina la amene wasintha. Ndijambula limodzi mawa m'mawa ndikafika ku ntchito, ndikutumizirani.